Chipewa Chimene Sichinalowe

Mkazi wanga anamwalira pobereka, madzi atazinga Makhanga. Bwato loti timunyamulire kumishoni linapezeka mochedwa. Mwana naye sanakhale. Tinawaika pamtunda, ndipo patapita masiku owerengeka tonse a pamaliro tinametedwa mpala, monga timachitira.

Kwathu timameta kawiri. Kumeta koyamba kumatsegula kulira. Kuchokera pamenepo wamasiye salola lumo pamutu pake kufikira mapira atacha, mowa utafululidwa, abale atasonkhananso kudzameta kachiwiri. Tsitsi lomera pakati pa nthawi ziwirizi ndi la womwalirayo. Amalisonkhanitsa ndi la abale onse n'kulikwirira pamodzi, ndipo ndi pamene wakufa amapita kukapuma, wamoyo namasulidwa.

Ine sindinadikire mapira. Amishoni anali atandisankha kale kuti ndikaphunzire uphunzitsi ku dziko la Kepi, kutali kummwera, ndipo sitima ya pamadzi siidziwa maliro. Tsiku lonyamuka apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anandiperekeza mpaka padoko. Sanandiyang'ane kumaso, pakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Anayankhula akuyang'ana madzi.

"Pitani, bambo. Koma tsitsi la mwana wangalo mudzabwere nalo. Ife tidikira."

Ndinavomera.

Kumeneko anandiika m'nyumba ya mzungu wina wophunzitsa ukalipentala pasukulupo. Iye ndi mkazi wake ndinkawatchula bwana ndi dona. Ana awo anali atakula n'kuchoka, choncho chipinda cha mwana wawo wamwamuna chinakhala changa. Anali anthu abwino, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke. Ndinkadya nawo patebulo limodzi, chinthu chimene azungu a kwathu kuno sankachita. Nyengo yozizira itafika, dona anandilukira masokosi ndi manja ake.

Tsiku lina tikudya, dona anandifunsa kuti ndinabadwa liti. Ndinayankha monga amayi anandiuzira, kuti ndinabadwa chaka cha njala chimene anthu anapulumukira kudya nyika, mizu ya m'dambo, madzi akuyamba kuphwa.

"Chimenecho ndi chaka. Nanga tsiku?"

"Tsiku silidziwika, dona."

Anagwira pakamwa ngati ndamuuza kuti ndilibe dzina. Anafunsa mwezi umene madzi amaphwa kwathu, nawerenga pa zala, nandisankhira Loweruka lina. Bwana anaseka nati, "Waona, mnyamata? Wabadwa kachiwiri popanda ubatizo." Nanenso ndinaseka, osadziwa kuti tsikulo lili ndi mwambo wake.

Pofika Lowerukalo tsitsi langa linali litakula kwambiri. Ndinkalipesa m'mawa uliwonse ndi kulipsinja ndi madzi kuti lisaoneke. Anzanga a m'kalasi ankanditcha chulu. Mphunzitsi wamkulu anali atandiuzapo kuti ndimete, ine ndinati ndamva, osameta. Chifukwa chake sindinauze munthu. Mbusa amene ananditumiza anali atalembera asukulu kuti ndinasiya zonse za makolo, ndipo kumeta maliro ndi mowa wake kunali pakati pa zinthu zimene ankachotsera munthu mumpingo. Ndikanatchula, akanandibweza.

Masana dona anatulutsa tebulo pakhonde, nayalapo nsalu yoyera. Anabwera aphunzitsi awiri ndi akazi awo. Panali keke yaikulu, makandulo atabayidwa pamwamba pake, akuyaka dzuwa likuswa mtengo. Anandiuza kuti ndiwazime ndi mpweya umodzi. Ndinawazima, onse naomba m'manja. Sindinamvetse chimene ndinapambana.

Kenaka bwana anatulutsa bokosi lozungulira. M'katimo munali chipewa chakuda chatsopano, cha mtundu umene aphunzitsi ankavala popita kutchalitchi. Sindinali nditagwirapo chinthu chotere chili changa. Ndinathokoza ndi manja awiri.

"Vala tione!"

Ndinavala. Chinakhala pamwamba pa tsitsi ngati mbale pa dzungu, kenaka chinagwa. Anthu anaseka mpaka misozi. Bwana anachitola, nachikankhira pamutu panga ndi dzanja lake lalikulu, koma chinadumphanso.

"Chipewa sichinalakwe ichi," anatero. "Ndinayesa mutu wako ndi maso, ndipo diso la kalipentala silinama. Cholakwa ndi udzu uwu. Mayi, tandipatsa sizasi."

Ndinaimirira. "Bwana, chonde, lisiyeni."

"Ukuopa? Ana anga onse ndinkawameta ndine, ndipo makutu ali nawo mpaka lero."

"Si zimenezo, bwana. Mkazi wanga anamwalira."

Kuseka kunatha. Ndinaganiza kuti zakwana, kuti mawu amenewo amveka kulikonse kumene kuli anthu. Dona anabwera, nandigwira dzanja, maso ake atadzaza misozi.

"Tikudziwa, mwana wanga. Nchifukwa chake takuchitira zonsezi. Wadzitaya nthawi yaitali. Mkazi wako ali kwa Ambuye, ndipo akanakuona ndi mutu wotere akanamva chisoni. Mlole akuone uli bwino lero."

Ndinafunafuna mawu a Chingerezi oti ndinene kuti tsitsilo silinali langa, kuti ndinangolisunga. Ndinali nawo mawuwo. Koma mmodzi wa alendo aja anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ankandiyang'ana mwachifundo, akudikira. Ndinakhala pansi.

Dona anandimanga nsalu m'khosi. Bwana anayambira kumbuyo. Sizasi inali yakuthwa ndipo dzanja lake linali lofatsa. Akazi aja anayamba nyimbo ya kwawo yofunira munthu zaka zambiri, amuna nalowa ndi mawu aakulu. Ine ndinayang'ana pansi. Tsitsi linkagwera pa nsapato zanga, ndipo mphepo ya kumeneko, imene sipuma, inkalitenga pang'onopang'ono kupita nalo m'maluwa a dona.

Atamaliza ndinawerama kuti nditoleko ngakhale lodzaza dzanja. Dona anandigwira paphewa.

"Iyayi! Lero sugwira ntchito. Ndi tsiku lako."

Anatenga tsache yekha, nasesa khonde lonse bwinobwino, nakataya pamoto wa kukhitchini. Fungo lake linafika mpaka pamene tinakhala. Mmodzi wa akazi aja anatseka mphuno, naseka. Bwana anandiveka chipewa, ndipo chinalowa. Anandipatsa kalilole. Ndinaona mphunzitsi wooneka bwino. Ndinadya keke imene anandidulira, ndinaimaliza, ndinathokoza aliyense.

Kuyambira pamenepo bwana ankandimeta mwezi uliwonse. Panalibenso choti ndikanire.

Ndinabwerera kwathu patapita zaka ziwiri. Apongozi anali atadikiradi. Mapira anacha kawiri, mowa sanafulule, ndipo iwo eni tsitsi linali litapotana mpaka m'khosi. Ndinakhala pamphasa potalikirana nawo, ndinavula chipewa monga ulemu ufunira. Anandifunsa za ulendo, za sitima, ngati kumeneko kuli nsomba. Kenaka, kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anandiyang'ana. Sanayang'ane kumaso, anayang'ana mutu.

"Anakumetani ndani, bambo?"

"Mzungu amene ndinkakhala naye."

"Nanga tsitsilo?"

"Linapsa."

Anasisita mphasa ndi chala.

"Pometapo anamutchula dzina mwana wanga?"

"Iyayi, mayi. Sankalidziwa. Ankaimba nyimbo."

Anagwedeza mutu pang'ono, nadzuka, nakauza akazi a pamudzi kuti aviike mapira a mowa.