Chaka chimene makasu anagona kutchalitchi

Fungo la mvula yoyamba ikagwa pa dothi lofiira limandibweza kwathu, kamudzi kakumunsi kwa phiri, kufupi ndi Njuli. Anthu ambiri fungo limeneli limawasangalatsa. Ine ayi, chifukwa chaka china ndili mwana wa ku pulayimale, linandipeza ndikudikira kutha kwa dziko.

Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, cha zidina zosawotcha ndi denga la udzu. Wotitsogolera anali a Namakhwa, bambo wowonda, wa mawu otsika, amene mkati mwa sabata ankasoka nsapato pa Njuli. Sindifuna kuwanamizira. Sanali akuba, sanadyepo nkhuku ya munthu mwachinyengo, ndipo Baibulo lawo linali litada m'mphepete ndi thukuta la zala. Nyengo yothyola nandolo anatiuza kuti awerenga Danieli ndi Chivumbulutso mpaka amvetsa: lipenga lilira chaka chisanathe. Chimanga chobzalidwa chaka chimenecho palibe adzachilawe. Choncho wokhulupirira aliyense abweretse khasu lake kunyumba ya Mulungu, pakuti wolima mizere ndiye kuti mumtima mwake akukayika.

Khasu loyamba kulowa linali la a Namakhwa eni ake. Lachiwiri linali la abambo anga. Iwo anali mkamwini wofatsa wochokera ku Mikolongwe, wosadziwa kuchita chinthu mwatheka. Akati akhulupirira, ankakhulupirira ndi mafupa omwe. Amayi nawo anapereka lawo. Makasu anaunjikidwa kuseri kwa guwa, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaona dzimbiri likuwonjezeka.

Okutobala anabwera ndi kutentha kwake. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango mpaka m'makutu kuwawa, utsi wa mapesi unkayenda pansipansi, ndipo m'minda ya anzathu makasu ankagogoda dothi louma kuyambira m'mamawa. Munda wathu wokha unali zii, ndi mizere ya chaka chatha yophwathalala. Kusukulu anzanga opemphera ku mishoni ya Nguludi ankandiseka kuti ndikamakwera kumwamba ndidzawasiyire yunifolomu. Sindinkakwiya, ndinkawamvera chisoni. Kunena zoona ndinali wokondwa, chifukwa kumwamba kwanga kunalibe matekenya, kunalibenso ndowa yosenza kuchokera kuchitsime.

Amayi ena a mumpingo anakazinga mbewu zawo n'kudya. Ngala zathu zambewu, zakuda ndi mwaye, zinakhalabe lende pamwamba pa moto kukhitchini. Tsiku lotsatira mvula yoyamba ndinadzuka n'kuona kuti palibe. Ndinawapeza amayi kumunda, atabereka mlongo wanga Yohane, akuboola mizere yakale ija ndi chidendene, kuponya njere, n'kukwirira ndi phazi.

"Amayi, mutsalatu!" ndinalira.

"Ambuye akabwera andipeza m'munda muno, si kutali," anatero osandiyang'ana. "Nanga akachedwa, Elube, mlongo wakoyu ndidzamuuza kuti adye chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo chimwemwe changa chinatha. Ndinkaopa chinthu chimodzi chokha, kuti ife tikwera, amayi n'kutsala okha pabwalo. Bingu likagunda, kapena akaphulitsa miyala ku kwale, mgodi wa miyala wa pafupi ndi kwathu, ndinkathamanga kukagwira chitenje chawo ndi manja onse. Ndinkaganiza kuti ndikagwiritsitsa ndiwakoka. Abambo sanawakalipire. Anangochepetsa mawu, mapemphero awo n'kutalika.

Chimanga chinamera, ndipo njira ya kuchitsime inkadutsa m'mphepete mwa munda wathu. Nkhani inafika kwa a Namakhwa sabata ya Mgonero.

Mumpingo mwathu, tisanadye Mgonero tinkayamba tasambitsana mapazi, awiriawiri, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo. Pakati panali kanjira kamene mwamuna sankadutsa. Amene sanasambitsidwe sankadya nawo, ndipo tonse tinkadziwa kuti Mgonero umenewu unali womaliza. A Namakhwa anaimirira maso ali ofiira. Anawapempha amayi, mowachonderera ndithu, kuti alonjeze kukazula zimene anabzala.

"Sindingazule, abusa," amayi anayankha motsitsa.

Pamenepo analamula kuti pasapezeke wogwira mapazi awo. Amake Dorofe, amene ankasambitsana ndi amayi nthawi zonse, anasendera kumbali akulira mwakachetechete. Madzi anayamba kumveka m'mabeseni ena. Amayi anakhala okha, beseni lili patsogolo pawo, mapazi ali pamtunda. Chidendene chakumanja chinali chotupa, chili ndi bala lodzaza dothi. Ndinkamva dontho la m'denga likugwera pansi, ndipo ndinachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi.

Kenako abambo anaimirira. Anadutsa kanjira kaja, akazi n'kumapinda miyendo kuwapatsa malo, ndipo anagwada pamaso pa amayi. Kwathu mwamuna kugwira mapazi a mkazi wake anthu akuona zinali zosamveka n'komwe. Ananyamula phazi lotupa lija n'kuliika m'madzi. Analitsuka pang'onopang'ono, akulambalala bala, madzi n'kufiira. Atatsuka linalo anapukuta onse awiri ndi m'munsi mwa malaya awo.

"Achimwene, mukudziwa chimene mwasankha?" anafunsa a Namakhwa.

"Ndikudziwa, abusa."

Abambo anamunyamula Yohane, n'kundikodola ine. Tinatuluka mvula ikuwaza, amayi patsogolo, ndipo palibe anatembenuka. Kumbuyo kwathu nyimbo inayamba mochedwa, yopanda mphamvu.

Masabata otsatirawo abambo anayamba khalidwe lachilendo. M'mawa uliwonse ankatisambitsa okha ine ndi Yohane, kutidzoza mafuta, n'kutiveka zovala zopempherera ngakhale pakati pa sabata. Akatero ankakhala nafe pakhonde kwa kanthawi, atayang'ana kummawa, kenako n'kupita kukapalira ndi khasu lobwereka. Ine zinkanditopetsa, makamaka madzi ozizirawo.

Chaka chinatha, lipenga silinalire. Mpingo unabalalika ndi njala ndi manyazi, ndipo a Namakhwa anasamuka osatsanzika munthu. Ife tinakolola pang'ono, poti mizere inali yakale. Panapita zaka tisanalowenso m'tchalitchi chilichonse, ngakhale pemphero pakhomo pathu silinaleke.

Ndinakula ndikuwanyadira abambo ngati munthu wochenjera. Ndinkati tsiku lija anatulukira kuti ulosiwo unali wolakwika, n'chifukwa chake sanaope. Zoona zake ndinazimva iwo atamwalira, ndili kale ndi ana anga, tikusenda nandolo ndi amayi pakhonde lomwe lija. Nditatchula za nzeru za abambo, amayi anapukusa mutu.

"Abambo ako sanakayikepo ngakhale liwu limodzi la a Namakhwa. Titafika kunyumba tsiku lija anandiuza kuti, 'Amake Elube, ife ndiye tatsala. Koma anawa alibe mlandu, akwera. Tiziwakonzeratu, asakafike akuda.'"

Ndinasiya kusenda. Ine ndinkayesa kuti abambo anatuluka m'tchalitchi chifukwa anasiya kukhulupirira za kumwamba. Iwo anali kukuona kumwambako, chitseko chili chotsegula, koma sanathe kulowa n'kusiya mkazi wawo atakhala yekha ndi beseni.