Mwana Wanga Anatsika M'galimoto

Ine ndale za ku America sindinkazidziwa ndipo sindinkazifuna. Ndili ndi benchi langa la zitenje pafupi ndi chipata cha Mchinji, ndimakaoda tsidya ku Chipata, ndimagulitsa kwa aliyense wodutsa. Zoti kumeneko anthu agawanika, ena akufuna alendo ena akuti achoke, ndinkangozimvera kwa anyamata osintha ndalama, amene amakangana za dziko lililonse ngati anabadwirako. Koma ndalezo zinandipeza pabenchi pomwepo, ndipo zinadzera kwa alongo anga.

Alongo angawo ndi achisamba kwathu. Anapita ku America kalekale, ine ndikadali ndi mwana kumsana. Anavutika, sindingawanamizire. Anasambitsa nkhalamba za eni, anagona mothithikana ndi anzawo m'kachipinda, anadikira mapepala mpaka imvi zinayamba. Atawapeza mapepalawo anasintha. Pafoni anayamba kunena kuti "ife kuno", ndipo mwa "ife" ameneyo ife a ku Mchinji munalibe. Chisankho chitafika anavotera chipani cholonjeza kuthamangitsa onse opanda mapepala, ndipo sankabisa. Ankati iwo analowera pakhomo, ena akulowera pawindo, chilungamo chili pati? Mlamu wanga, mkazi wawo, anavotera kwina, moti nkhani za pakanema wina ankaonera pabalaza wina kuchipinda. Ine ndinkaseka, ndinkaona ngati za mpira.

Mwana wanga woyamba, wamwamuna, ankayendetsa takisi pakati pa boma ndi chipata. Inali galimoto ya eni, yakutha, chitseko chake chotsegulira ndi chingwe. Alongo anga ndi amene anamuitana kuti akakhale nawo pa ukwati wa mwana wawo, ndipo tsiku limene ananyamuka ine ndinavina. Kwathu kuno atsibweni ndiwo eni mbumba. Mwana wa mlongo wako akadwala, akapalamula, akafuna kukwatira, woyamba kuimirira ndiwe, bambo wake amabwera pambuyo. Ndiye ndinkadziwa kuti mwana ndamupereka m'manja mwa mwini wake.

Ukwati unatha, masiku a chiphaso anatha, mwana sanabwere. Anapeza ganyu yonyamula katundu m'sitolo, kenako yoyendetsa galimoto yoperekera zakudya m'makomo. Atsibweni ake anamuuza kuti atuluke m'nyumba mwawo, akuti sangasunge munthu wophwanya lamulo. Anakakhala ndi mnzake wa ku Zambia amene anadziwana naye kuntchito.

Nkhani ya chiphaso kutha ine sinandiopse kwenikweni. Ife a m'malire timaona malire ngati mzere wa m'munda. Alipo anthu kuno amene chimanga chawo chili mbali ino, chigayo chawo chili mbali inayo. Amayi athu enieniwo anabadwira tsidya, anabwera kuno pa chitengwa ndi dengu pamutu, ndipo anamwalira osagwirapo pepala la boma, la kuno kapena la uko. Palibe anawatchulapo kuti ndi akuba.

Chimene chinamugwetsa mwana wanga si chiphaso poyamba, ndi ulemu. Aliyense woyendetsa galimoto pamsewu wa Mchinji amaudziwa mwambo wake. Wapolisi akakuimika sukhala phee pampando ngati nduna. Umakhotera pambali, umatsika msangamsanga, umapita pomwe waima iyeyo, mutu utawerama pang'ono, "Bwana, mwaswera bwanji?", dzanja likupita kale m'thumba kukatulutsa laisensi. Kudikira kuti bwana akupeze pawindo ndi mwano, ndipo mwano pamsewu umapweteketsa. Mwana wanga ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka miyendo inazolowera yokha. Apolisi a kuno ankandiuza kuti ndinabala mwana waulemu, ine mtima n'kumakhala m'malo.

Ku America akuti ndi zina. Akakuimika umakhala momwemo, manja pachiwongolero, osagwedezeka. Ukatsika n'kumuyandikira wapolisi dzanja lili m'thumba, iye amaona munthu wokasolola mfuti, poti kumeneko mfuti anthu ali nazo ngati mafoni. Ndipo ukakhala wakuda, akuti mfutiyo amaiona msanga. Alongo anga zimenezi ankazidziwa bwino. Anakhala naye mwanayo m'nyumba, anamuphunzitsa kuyatsa makina ochapira ndi kusankhula zinyalala, koma ichi chokha sanamuuze.

Amene anandiimbira ndi mnzake wa ku Zambia uja, ndipo anali momwemo m'galimoto tsiku limenelo. Akuti nyali yakumbuyo inali yakufa, wapolisi n'kuwaimika dzuwa likuswa mtengo. Mnzakeyo asanatsegule pakamwa, mwana wanga anali atatsika kale, akumwetulira, akupita kukapereka moni. Wapolisi anakuwa. Iye Chingelezi chawo chothamanga chija sanachimve bwino, anaganiza kuti akufunsidwa laisensi, ndiye anafulumiza dzanja m'thumba. Mulungu yekha ndiye anagwira chala cha wapolisi ameneyo. Anamugwetsera pansi, bondo pamsana, dzino lakutsogolo linatsala pamsewu. Atafufuza anapeza kuti chiphaso chinatha kale, ndipo anamupereka kwa oona zolowa ndi kutuluka, amene anakamutsekera.

Mnzakeyo anati loya wina wothandiza alendo wanena kuti mwayi ulipo. Pakufunika wachibale amene ndi nzika, akaonekere kwa woweruza, anene kuti mwanayu ndi wanga, azikhala kwanga mlandu wake ukuyenda. Panalibe china chofunika. Ndinasiyira benchi mnzanga wa pafupi, ndinapita kuseri kwa malole oyembekezera kuwoloka, n'kuimba.

"Achimwene, mwana wanu ali m'chitokosi."

"Ndamva."

"Akuti mungopita mukaonekere, mukanene kuti ndi wanu."

"Achemwali, ine ndinamuuza mwanayo kuti abwerere masiku asanathe. Sanamve. Walira mvula walira matope. Kuno si ku Mchinji, kuno lamulo ndi lamulo."

"Lamulo lake lomugulula munthu dzino chifukwa chopereka moni?"

"Anatsikiranji m'galimoto? Wapolisi nayenso ali ndi ana kunyumba, akanadziwa bwanji zomwe zili m'thumbamo?"

"Inu munamuuza kuti asamatsike?"

Funso limenelo analilambalala. Anangoti, "Anthu a kutchalitchi kwathu amadziwa mbali yomwe ndili. Ndakhala ndikulankhula poyera. Lero ndikaime pamaso pa woweruza kuteteza chinthu chomwe ndakhala ndikutsutsa? Ndikaoneka ngati ndani?"

"Mukaoneka ngati atsibweni ake."

"Mukulankhula ndi mtima, achemwali. Dziko siliyenda ndi mtima."

Apo ndiye ndinapsa. Ndinawauza kuti amayi athu akanakhala kumeneko bwenzi atawanyamula okha kukawapereka, poti nawonso analibe pepala. Anadula foni. Ndinakhala pansi pafumbi, mafuta a malole ali ponseponse, ndipo ndinalira ngati pamaliro. Dalaivala wina wachilendo anandibweretsera madzi osandifunsa kanthu.

Mlamu wanga anayesetsa, ndisamuiwale. Anapita kukamuona, anamutengera juzi, anandiuza kuti mwana akufunsa ngati atsibweni anena kanthu. Koma nyumba ndi ya alongo anga, ndipo mawu ofunika anali awo. Akuti anakangana mpaka anasiya kudyera limodzi. Ine za banja lawo sizinandikhudze, ndinkangofuna mwana atuluke.

Nkhani inafala pachipata, ndipo anyamata osintha ndalama anaipeza yokoma. Anagawanika pawiri pamaso panga, ngati kuti akukamba za mwana wa munthu wina. Ena ankati atsibweni otere ndi mfiti. Wina, wamfupi wokonda kuvala jekete ngakhale kutentha, anati, "Koma amayi, tisanamizane. Ifeyo kuno sitinaombe m'manja pamene ankathamangitsa alendo a magolosale aja? Timati akutilanda bizinesi. Aliyense amateteza pake." Ndinamuuza achoke pabenchi panga akatetezere kwina. Chimene chinandipweteka n'chakuti sanali kunama, komabe ndinalibe mtima womvera zoona kuchokera kwa munthu amene mwana wake anagona pakhomo.

Miyezi inapita. Ndinkaimba, alongo anga osayankha. Ndinatuma abale, ndinatuma mkulu wa mpingo amene anaphunzira nawo sukulu, yankho linali lomwelo, kuti akumupempherera. Ine mapemphero ndinali nawo okwanira kuno, chimene ndinkasowa ndi munthu woti akwere galimoto yake yabwinoyo akaime m'khoti.

Boma la kumeneko linamubweza kuno nthawi ya mvula. Ndinakamulandira ku Lilongwe. Anatuluka ndi jumbo imodzi m'manja, ataonda, khosi litatalika, ndipo moni wake sindinaumve bwino chifukwa ankalankhula milomo itatsekeka. Takisi ija mwini wake anali atapatsa wina. Anakhala pakhomo, osafuna kufika pachipata, chifukwa anzake akale ankamuitana kuti Mmerika. Mwana amene ankaseka ndi aliyense anasanduka wongoyang'ana nkhuku pabwalo tsiku lonse.

Tsiku lina Loweruka masana foni inalira, ndipo anali alongo anga. Ndinati mwina chikumbumtima chawagwira. Anandifunsa za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako anafika pa nkhani yawo. Agula puloti pamsewu wa ku Mkanda, akufuna kumanga nyumba yodzapumiramo akakalamba, poti ku America nkhalamba zimavutika, iwo anaziona ndi maso. Koma amisiri a masiku ano amaba simenti.

"Ndiye poti mwanayo wabwerako ndipo akungokhala, aziyang'anira. Ndizimupatsa kangachepe. Wachilendo sindingamukhulupirire, achemwali. Chibale ndi fupa, sichiola."

Mwambi umenewo kuumva m'kamwa mwawo, ndinamva ngati ndimeze lilime. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatsanulire zonse zomwe ndinasunga miyezi yonse ija. Koma mwana wanga, amene ankamva zonse ali pakhonde, anabwera n'kunditenga foni m'manja mwakachetechete.

"Chabwino atsibweni, ndiyamba Lolemba. Zikomo kwambiri."

Atadula ndinamufunsa ngati manyazi alibe. Iye anati, "Amayi, mukufuna ndizidya zitenje zanu mpaka liti?"

Lolemba anayambadi. Amapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku puloti ya atsibweni ake. Ine sindinapondepo ndipo sindidzapondapo. Nyumbayo sinayambe. Alongo anga analamula kuti ayambe ndi mpanda, wa njerwa zootcha, wautali, mabotolo osweka pamwamba, akuti anthu a kuno amangodutsa pamalo a eni ngati palibe mwini. Pakati pa pulotiyo panadutsa njira yakalekale yopita kuchitsime. Ntchito ya mwana wanga masiku ano ndi kuima pomwe mpanda sunafike, kubweza amayi a ndowa pamutu kuti akazungulire kumsewu. Ena ndi okalamba, ena anamuona akukwawa. Amawabweza mwaulemu, mutu utawerama pang'ono, monga momwe ndinamulerera.