Magazi Olimba a Mwamuna Wanga

Mwamuna wanga woyamba anali sikauti wa gemu, wolondera nyama zakutchire, ku Kakumbi, m'mphepete mwa nkhalango yosungira nyama. Anamupatsa yunifomu, jombo ndi mfuti, iye n'kumaganiza kuti nzeru nazonso anamupatsira kumodzi.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali magazi ake. "Ine ndine wa m'chigwa muno," ankatero pamowa, uku akudziguguda pachifuwa. "Udzudzu wandiluma, kashembe wandiluma, koma malungo amachita kundiopa." Zoonadi, malungo sankamugwetsa kawirikawiri. Koma sankatchulako za abale ake amene malungo omwewo anawatenga ali makanda. Iye anangopulumuka, thupi n'kuzolowera matendawo, basi n'kumayesa kuti ndi luso lake.

Chilimwe china kunabwera namwino pakampu pathu, atamangirira panjinga bokosi lozizira la katemera wa chikuku. Mwana wathu wamkazi anali atayamba kuimirira. Ndinamubereka kuti ndizipita, koma bambo ake anaima pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Kukabayitsa mwana, bambo."

"Bwerera! Mankhwala amenewo ndi otseka mimba. Akufuna anthu tichepe kuti njovu zipeze malo."

Amene ankanena zimenezi ndi munthu wodya malipiro a kulondera njovu zomwezo!

Namwinoyo, mayi wachikulire ndithu, anamva phokosolo n'kusendera. "Mwaswera bwanji, bambo? Tandiuzani, sikauti watsopano akabwera, simumuonetsa kaye msampha wa waya wosatchera, kuti akakaupeza kutchire akauzindikire? Katemera amateronso. Timaika m'thupi kachilombo kofooketsedwa. Thupi limalimbana nako, n'kukadziwa bwino. Chikuku chenicheni chikadzafika, chimapeza chitetezo chili chire."

"Mwanayu ali ndi magazi anga," anayankha mwamuna wanga. "Kabayeni ana a anthu ofooka."

Anandilanda mwanayo kumsana n'kukhala naye pampando mpaka njinga ija itazimiririka. Chibadwire cha mwanayo anali asanamunyamulepo nthawi yaitali choncho.

Chikuku chinafika kutatentha kwambiri, mvula isanagwe. Ana a anzanga ankasewera pabwalo, wanga ali gone, thupi lili moto, totupa tili mbwee, maso atamatirira. Bambo ake anali kutchire, kulondera. Ndinayenda wapansi ndi mwana kumsana mpaka kuchipatala. Moyo anaupeza, koma diso lakumanzere linayera, osaonanso. Mwamuna wanga atabwera anangomusuzumira n'kunena kuti amulodza anthu ansanje ndi ntchito yake.

Patapita miyezi, galu wina wachilendo, wowonda, wochucha dovu, analowa pakampu n'kuluma mwamuna wanga pakatumba. Bala lake linali laling'ono, losaposa pamene munthu wakandidwa ndi minga. Koma iye anali ataonapo munthu akufa ndi chiwewe. Anakhala pansi padothi, mfuti ili uko, n'kuyamba kulira.

"Mayi a mwana, ndafa ine! Itanani wanjinga!"

Tsiku limenelo ndinasanduka mayi a mwana, wofunika ulemu. Mnzake anamukweza pakaliyala, mwendo atautambasula ngati wathyoka. Kuchipatala anachita kugwada popempha jakisoni. Ankamubaya pamimba tsiku ndi tsiku, ndipo sanajombepo. Ankafika pakhomo la chipatala asanatsekule n'komwe.

Atachira anandikhazika pansi kuti andiphunzitse. "Ukuona, jakisoni ameneyu amadzutsa thupi kuti likonzeke kachilombo kasanafike kumutu. Anthu osaphunzira sangamvetse." Ankalankhula zimenezi mwana ali pamiyendo panga, akupapasa kapu imene inali kumanzere kwake. Ndinkangoyang'ana pakamwa pake pakugwedera.

Mwana wachiwiri atabadwa, wamwamuna, bambo ake anatiperekeza okha kukatemera atavala yunifomu yosita. Anakankha azimayi pamzere kuti ife tikhale patsogolo, n'kumawadzudzula kuti amachedwa kubayitsa ana. Azimayiwo ankamudziwa bwino. Wina analavula pansi, wina n'kufunsa mokweza kuti, "Mwana wamkulu uja diso lili bwanji?" Iye anayamba kukonza lamba ngati sanamve.

Chaka chotsatira ndinatenga ana anga n'kupita kwa achimwene ku Chinzombo, kumene ndinapeza ntchito yochapa zovala palodji ya alendo. Iye anakwatira wina, ndipo ndinamva kuti ankauza anthu kuti ndinamuthawa chifukwa sindinkakhulupirira zachipatala.

Mwana wanga wamkaziyo panopa ali ndi ana ake, amasoka zovala ku Mambwe. Akamalowetsa ulusi pasingano amapendeketsa mutu, ndipo safuna kuti munthu amuthandize.