Manda a Esinati tawapeza

Moni nonse. M'mawa ndinalumbira kuti nkhani ya komwe kuli manda a Esinati ndiigula ndi nsalu imodzi ya kapulana, poti kumalire kwathu pa Entre Lagos, pomwe ndimachita malonda, palibe anandidyerapo masuku pamutu.

Ndinapita ku Chiuta kwa mayi Asiyatu. Ndi amene anaika Esinati, mlongo wa ababa amene anamwalira ali wakhanda banja likuthawira ku Malawi nthawi ya nkhondo.

Andionetsa manda pansi pa mtengo wa mango. Pamalopo ndi posesedwa bwino. Zaka zonsezi akhala akusesa okha, mwana wosakhala wawo.

Nsaluyo aikana. Akuti, "Iwe wamalonda, nsalu imatha. Ndamva mkazi wako ndi woyembekezera. Akabadwa wamkazi, akhale Esinati."

Ine wosavomera mtengo woyamba, ndavomera pompo, osafunsa ndi kunyumba komwe.

Mbiri yathu yabwerera, koma dzina lomwe mayi akunyumba anasankha lapita. Wapambana ndani pamenepa, ine kapena mayi Asiyatu?