Zomwe tapeza m'mimba mwa ng'ombe ya adada

Monire mose.

Ng'ombe yofiira ija, imene adada amasungira malowolo a mchimwene wanga Wanangwa, yafa m'mawa uno. Ife timangoti ndi matenda, poti imaonda koma mimba ili yotupa. A Jere oyandikana nafe atayitumbula, atulutsa chimtolo cha majumbo opotana ngati chingwe, mpaka kunyamula ndi manja awiri.

Adada aweramira pa chimtolocho. Angotolapo jumbo imodzi yabuluu n'kundipatsa m'manja. Ndi majumbo omwe aja ndimaikiramo anthu tomato kumsika wa pa Boma.

Tikadali pomwepo, kwafika anthu oyeza malo, ayamba kukhoma zikhomo. Akuti mtaya wa zinyalala za kumsika, womwe uli pafupi ndi mudzi wathu, aukulitsa mpaka kudambo kumene ng'ombe zimamwa, kumunsi kwa munda wa amama.

Loweruka kuli msonkhano, ndipo anthu akuti ndikayankhule ndine poti sindiopa munthu. Kukana ndikakana chomene, dambo lija sitingalipereke. Koma akandifunsa kuti, "Nanga zinyalala za kumsika kwanuko tizikataya kuti?" ndikayankha chiyani?

Ndithandizeni maganizo, abale anga. Jumbo ija ndikadali nayo, ndikulephera kuitaya chifukwa ndikudziwa komwe ikathere.