Ndinachoka Pamaliro Tisanamete

Matipate atabwera, sukulu za pulaiveti zinamera paliponse, ndipo ine ndinapeza uphunzitsi pa ina mwa izo ku Phalombe. Kalata ya ntchito panalibe. Eni sukulu, bambo amene kale ankagula nandolo, ankalemba munthu pakamwa n'kumuchotsanso pakamwa. Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi yawo sipankasowa anthu omaliza Fomu 4, maenvulopu ali m'manja, kudikira kuti wina wa ife apunthwe. Mnzathu wa masamu anakagoneka mwana kuchipatala masiku atatu. Pobwera anapeza choko chake chili ndi wina.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Malungo ndinkaphunzitsa nawo, thukuta lili kamukamu. Eni sukulu akadutsa osandipatsa moni, chakudya sichinkalowa tsiku limenelo. Akandipatsa moni, ndinkadzifunsa kuti ndalakwanji. Mkazi wanga ankati ndasanduka nkhuku yothawa mthunzi wa kabawi, ine n'kumamukalipira, chonsecho ankanena zoona. Ndinali wotopa, abale, kutopa kosatha ndi tulo.

Uthenga woti bambo anga atisiya ku Nkhulambe unandipeza Lachisanu m'mawa. Eni sukulu anali atachokapo. Ndinangonong'oneza mphunzitsi mnzanga, n'kukwera njinga. Njira yonse, Mulungu andikhululukire, sindinkaganiza za bambo. Ndinkaganiza za kalasi imene ndaisiya yokha.

Tinaika maliro Lamulungu, chifukwa tinkadikira abale a ku Mozambiki. Pochokera kumanda, amalume anandiuza kuti mawa lake m'mawa tisesa pabwalo ndi kumeta, ndipo ine monga mwana woyamba ndiye woyambirira kukhala pampando. Ndinawayankha kuti Lolemba ndili ndi kalasi. Mlongo wanga ndiye anandilondola mpaka pomwe ndinatsamiritsa njinga, n'kugwira chishalo.

“Achimwene, tsiku limodzi lokha. Amayi aziti chiyani?”

Ndinachotsa dzanja lake. Ndinalichotsa ndithu, mwaukali, anthu akuona. Amayi anali pakhonde ndi azimayi anzawo, ndipo sindinapite kukawatsanzika poopa kuti akalira ndikhala.

Lolemba ndinali woyamba kufika pasukulu. Eni sukulu atatulukira ndinawathamangira. Ndinayamba kupepesa za Lachisanu, kufotokoza za maliro, kulonjeza kuti maphunziro amene ana anataya ndiwabwezera Loweruka. Iwo ankafufuza makiyi m'thumba. Atawapeza anandiyang'ana modabwa.

“Kodi munachokapo? Pepanitu aphunzitsi. Bwenzi mutangokhala sabata yonse.”

Analowa mu ofesi. Ine ndinatsala panja, tsitsi langa lonse lili kumutu, nthawi yomweyo imene kumudzi abale anga ankametana. Belu litalira ndinakalowa m'kalasi, ndipo ndinaphunzitsa mpaka kuweruka.