Tsiku Limene Aneba Anameta Nyanga

Aneba anga kuno ku Jodhpur ali ndi ndevu za pamlomo zopindika ngati nyanga za njati, ndipo amazidzoza mafuta asanalawe n'tiyi yemwe. Mawu awo ndi amodzi: "Mwamuna ndi ndevu, zinazi n'zovala chabe." Pajatu kwathu kuno mwamuna amameta pamlomo pokhapokha bambo ake akamwalira, patsiku lowotcha mtembo.

Mwezi watha anebawo anataya timalezala tapulasitiki n'kugula chometera chachitsulo, chija amamangiramo lezala lakuthwa uku ndi uku, ati n'cha amuna enieni. Koma anakanikiza monga anazolowera, dzanja linaterereka, nyanga imodzi n'kugwera m'beseni. Pofuna kulinganiza, anangomaliza zonse.

Atatuluka pamlomo pali mbee, ine ndinawathamangira. "Achimwene, zachitika liti? Dzulo lomweli bambo anu amanditukwana!"

Asanayankhe, mayi Kesar ogulitsa mkaka anali atayamba kale kulira, manja ali kumutu. Posakhalitsa msewu wonse unadzaza pakhomo kudzakhuza maliro.

Phokosolo linadzutsa bambo a anebawo, nkhalamba yolusa. Anatuluka ndi ndodo, nayang'ana khamulo, kenako mlomo wa mwana wawo.

"Iwe chitsiru, mtembo wanga wauwotcha liti, mwiniwakene osandiuza?"